Mandimu pa mkono wamanzere

Ndagulitsa perefyumu pamsika wa Petauke kwa zaka zambiri, uja wamafuta wothira m'timabotolo. Ndimakaoda ku Lusaka, ndipo mphuno yangayi ndi imene imandidyetsa. Anthu amati ndine wamakani. Sinditsutsa, koma pali tsiku limene makaniwo anagwira ntchito.

Mwana wa mlongo wanga ankakwatiwa ku Nyimba mu Okutobala, mwezi umene dzuwa limafewetsa phula la pamsewu. Ine monga azakhali ndinapita ukwati udakali kutali, nditanyamula botolo labwino kuposa onse a patebulo panga. Kwathu mkwatibwi sadzola yekha m'mawa wa ukwati. Alangizi, amayi amene amamupatsa mwambo m'nyumba, ndiwo amamusambitsa ndi kumudzoza mafuta kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Wosaitanidwa salowamo, ndipo ife a kuchimuna, abale a bambo wa mkwatibwi, timathera pakhonde.

Mkulu wa alangiziwo, mayi wamtali wosaseka wamba, anayang'ana botolo langa n'kukwinya mphuno.

"Ivo vamakemiko siviloledwa muno, amai. Mwana wathu azazola vachilengedwe."

Anandionetsa mbale ya mafuta a nsatsi. Pamenepo ndinavomera, chifukwa nsatsi ndi za makolo ndipo tonse tinakula nazo. Koma mphuno inandiuza zina. Anali atasinjiramo makoko a mandimu aawisi ndi kufinyiramo madzi ake kuti mafutawo anunkhire. Zamandimuzo sizinali za makolo ayi, mlangizi wina wachitsikana anaziona pafoni. Ndinali nditaonapo kasitomala wanga amene anapaka mandimu m'khosi n'kuyenda padzuwa, ndipo khosi lake linachita mawanga akuda amene anatenga miyezi kuti azimiririke. Tsono apa mwana ankayenera kuima padzuwa tsiku lonse, khosi ndi mapewa zili pamtunda, anthu akumujambula.

Ndinawafotokozera, koma anangoseka.

"Mandimu timadya, angamupweteke bwanji munthu?" anatero mkulu uja.

"Na mpilipili timadya, amai. Muyese kuizola kumaso."

Potchula tsabolayo ndiye ndinaputa mavu. Anati ndikufuna kutsatsa malonda anga pa ukwati wa mwana, ena n'kumati azakhali a kuboma amanyoza za kumudzi. Zinandipweteka kwambiri. Ndinapinda malaya, ndinapaka mafuta awo pa mkono wamanzere, perefyumu wanga pa mkono wamanja, onse akuona. Kenako ndinatsatira mlamu wanga kumsewu waukulu kumene amagulitsa nthochi, n'kukhala naye padzuwa mpaka madzulo, tikuthamangira mabasi a ku Chipata.

Tsiku limenelo sipanaoneke kanthu, ndipo alangizi anandiimba nyimbo zonditonza pophika. Ine ndinangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale kuti mumtima ndinayamba kukayika. Kutacha, mkono wamanzere unayamba kutentha ngati ndaugunditsa pa mbaula. Pofika tsiku linalo unali utatuluka matuza, motsatira ndendende mmene zala zanga zinadutsira popaka. Wamanja unali bwinobwino.

Mkulu wa alangizi anaugwira mkonowo, anautembenuza, n'kuyang'anitsitsa matuzawo. Sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti apepese. Anangouza wachitsikana uja kuti akataye mbaleyo kudzala. Kenako anandiyang'ana.

"Manje vanu ivi, mwayesa pa nkhanda yanu. Nanga pa mwana?"

Ankanena khungu, ndipo ananena zoona. Tinamuitana mkwatibwi, ndinamudontheza perefyumu wanga mkati mwa mkono. Madzulo asanafike anali akudzikanda, pamalopo patatuluka tizilonda tofiira. Alangizi anaseka mpaka kugwetsana, nane ndinaseka nawo, manyazi pang'ono ali apo. Botolo lomwelo ndinali nditaligulitsa kwa anthu ambiri popanda wodandaula, koma mwana wathuyu silinamuyanje. Khungu silifunsa ngati chinthu chachokera mumtengo kapena kufakitale. Kuchokera nthawi imeneyo aliyense wogula kwa ine ndimamudontheza kaye pamkono, n'kumuuza kuti abwere mawa, ndipo ena amapita osabweranso.

Tinagwirizana kuti mwana adzole nsatsi zokhazokha, zopanda chosakaniza chilichonse, ndipo perefyumu tiwaze kumpendero kwa diresi, kumene sakhudza thupi.

M'mawa wa ukwati ndinakhala pakhonde ndi anzanga a kuchimuna, mkono nditaukulunga ndi kansalu koyera. M'nyumba munkamveka ng'oma ndi nthungululu. Ndinali wokhutira kale, chifukwa ndinkadziwa kuti mwana atuluka wosalala. Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka, mkulu wa alangizi n'kusuzumira kunja, mbale ili m'manja.

"Azakhali, ngenani."

Ndinayang'ana kumbuyo ngati pali azakhali ena. Anzanga anandikankha. Nditalowa ndinapeza mwana atakhala pamphasa, atazolika, amayi onse atamuzungulira. Mkulu uja anandipatsa mbale ya nsatsi, ng'oma n'kusiya kulira.

"Mukosi uyu mwaulipilila na nkhanda yanu. Yambani ndimwe."

Ndinagwada, ndinaviika zala za kumanja m'mafuta, ndipo ndinadzoza khosi la mwana wa mlongo wanga misozi ikutsika, alangizi onse akudikira kuti ndimalize.