Buku Limene Tinabisira Tiyamike

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chopsereza nyemba. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkakhala kwa azakhali anga ku Mchinji Boma, ndipo ndikangogwira buku, mphika unkapserera ine ndili pomwepo. Tsiku lina atatopa nane, anandigwira dzanja n'kupita nane kwa mnzawo wa kutchalitchi, Mayi Chisale, mphunzitsi wopuma amene anali ndi kasitolo ka mabuku kuseri kwa msika. "Mtengeni uyu," anatero azakhali, "mwina kuno ulesi wakewu ungakhale ntchito." Mayi Chisale anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa buku limene ndinawerenga komaliza. Ndinayamba kulifotokoza, ndipo ndisanafike n'pakati pomwe anandidula n'kundiuza kuti ndibwere Lolemba.

Kutsogolo kwa sitoloyo tinkagulitsa makope, mapensulo, choko ndi mabuku a silabasi, ndipo izi ndi zimene zinkalipira lendi. Koma mtima wa Mayi Chisale unali kumbuyo, kumene kunali mashelefu a mabuku a nkhani zopeka za achinyamata, obwereketsa pa kandalama kochepa. Ambiri anali a Chingerezi, ena ochokera m'mabelo a kaunjika, ena atsopano ogula ku Lilongwe. A Chichewa analipo ochepa, ndipo ankatha msanga chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Sabata yoyamba sindinaloledwe kulankhula ndi kasitomala. Ndinaphunzira kukuta buku ndi pulasitiki osasiya mpweya mkati, kumata msana wake ndi guluu wa akalipentala, ndi kusoka masamba othothoka ndi singano yaikulu ndi ulusi wa nayiloni. Selotepi ankadana nayo koopsa; ankati ikakalamba imasanduka yachikasu n'kudya zilembo. Buku likauma pansi pa njerwa ziwiri, ndinkalidinda chidindo cha sitolo mkati mwa chikuto ndi patsamba lomaliza.

Kenako anandipatsa ntchito yeniyeni. Maso awo anali atatopa, ndipo foni ankaigwira ngati dzira. "Ana amasiku ano amamva za buku latsopano ife tisanamve," anatero. "Ndikufuna uziyamba kumva ndiwe." Sabata iliyonse ankandigulira bandulo. M'mawa ndikasesa, ndinkakhala pakhonde pamene netiweki inkagwira bwino, n'kuyamba kuyendera magulu a pafoni a ogulitsa mabuku ku Lilongwe, masamba a osindikiza mabuku, ndi timavidiyo ta achinyamata akunja amene amakamba zomwe awerenga. Ndinaphunzira kuti buku likalengezedwa sindiye kuti lafika. Lingatenge miyezi kuti liwoloke nyanja. Ndinaphunzira kuti chikuto chatsopano nthawi zina chimavekedwa nkhani yakale. Ndinaphunziranso kufunsa kaye ngati buku lili lokha kapena lili ndi anzake otsatana nalo, chifukwa belo la kaunjika lili ndi khalidwe loipa: limabweretsa loyamba ndi lachitatu, lachiwiri osaoneka mpaka kalekale. Tikaitanitsa, katoni inkabwera pa minibasi, kondakitala n'kundiimbira kuti ndithamangire ku depoti. Nthawi zina mayi wina wa geni wopita ku Chipata ankatipezera buku msanga kuposa a ku Lilongwe.

Ntchitoyi ndinaikonda, ndisaname. Sukulu zikatsekera, atsikana a sukulu zogonera komweko za cha ku Ludzi ankadzaza kumbuyo kuja, mayunifolomu asanavule n'komwe, n'kumandiyesa ngati ndikudziwadi zatsopano. Ndikawauza nkhani imene iwo sanaimve, ndinkayenda ngati sitolo ndi yanga.

Koma kasitomala amene ndinkamudziwa bwino kuposa onse ndinali ndisanamuonepo nkhope. Dzina lake anali Tiyamike, mtsikana wa ku Mlonyeni amene anasiyira sukulu Fomu 2 chifukwa cha matenda a mtima. Akayenda pang'ono ankabanika. Amake ankabwera pa njinga tsiku la msika kudzagulitsa mtedza, ndipo ankabweza buku litakulungidwa m'pepala la shuga n'kutenga lina. Chingerezi sankawerenga, choncho uthenga wa mwana wawo ankaunyamula pakamwa, mawu ndi mawu. Ankati, akuti ili linali logonetsa tulo. Ankati, akuti musamutumizirenso za anamapopa achizungu, nkhani zimenezo kumudzi zilipo kale zokwanira. Ine ndinkaseka n'kusankha lina, ndipo pang'onopang'ono ndinadziwa zokonda zake ngati za m'bale wanga.

Amene ankawakonda kwambiri anali mabuku ena otsatana, onena za atsikana anayi ogwirizana pa sukulu ina, mmodzi wa iwo wodwala mtima. Ana a pa Boma ankangowatchula kuti mabuku a Wanjinga, chifukwa pachikuto cha loyamba mtsikana wodwalayo anali atatsamira njinga yofiira imene madokotala anamuletsa kukwera. Tiyamike anawabwereka mobwerezabwereza mpaka ndinawasoka kawiri. Tsiku lililonse la msika, amake asanakhale n'komwe, ankayamba ndi funso lomwelo: akuti lomaliza latuluka?

Linatuluka nyengo yogulitsa fodya. Ine ndinamva m'mawa wina pakhonde paja, bukulo lisanayandikire n'komwe dziko lino. Achinyamata a m'timavidiyo tija ankalira poyera, ndipo sizinatenge nthawi kuti ndidziwe chifukwa chake: m'buku lomalizalo Wanjinga amamwalira. Ndinazimitsa foni. Kudziwa zatsopano kunali kunyada kwanga, koma tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanakhala wosadziwa.

Amake Tiyamike atabwera ndinawatengera pambali n'kuwatsina khutu. Anamasula chitenje chawo n'kuchimanganso. Kenako anati, "Muziti silinabwere."

Sindinadabwe. Kwathu kuno munthu amene ali kutali sauzidwa pa foni kuti kwagwa maliro. Amauzidwa kuti matenda akula, anyamuke, ndipo zoona amakazimva atafika pakhomo, pali anthu omugwira. Palibe amene amati limeneli ndi bodza; timati ndi chifundo. Mayi Chisale nditawauza anakwinya nkhope, koma anati mwana ndi wa amake, ife ndife ogulitsa mabuku chabe. Katoni itafika munali mabuku awiri a Wanjinga womaliza. Ana a pa Boma anayamba kulimbirana, ndipo tsiku lililonse la msika ine ndinkasankhira Tiyamike buku lina, n'kutumiza uthenga wakuti lomaliza likadali m'njira.

Tsiku lovuta linafika mwezi wozizira. Kamodzi pamwezi Tiyamike ankabwera ku chipatala kudzaonana ndi adokotala, koma ankafikira komweko pa njinga yamoto n'kubwerera osadutsa kumsika. Tsiku limenelo ndinali ndikukuta mabuku a silabasi pamene pakhomo panaima mtsikana wochepa thupi, atavala juzi yaikulu, dzanja limodzi litagwira chitseko. Milomo yake inali yotuwa. Ndisanafunse, anakhala pa benchi n'kudikira kuti mpweya ubwerere.

"Ndinu asisi osankha mabuku?" anafunsa. "Ine ndine Tiyamike."

Anati amake ali pa mzere wa mankhwala, ndipo iye anangowatsanzika kuti akupita kukawothera dzuwa. Pa mzere wa adokotala anakhala pafupi ndi mwana wa anamwino ena, amene ankawerenga buku lomaliza lija. Anapempha kuti aligwire, n'kuona chidindo chathu mkati mwa chikuto. Zonsezi anazinena modekha, osandikalipira, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri.

"Wanjinga wamwalira eti?"

Pakamwa panga panatuluka mawu omwe aja amene tonse tinakula tikuwamva. Ndinati matenda ake anakula ndithu.

Anaseka pang'ono mpaka kutsokomola. "Mawu amenewo ndimawadziwa, asisi. Ndinali pomwepo pamene ankawauza amalume a ku Kasungu, thupi litasambitsidwa kale." Anapuma. "Kunyumba aliyense amangoti uchira, uchira. Ndikayamba kufunsa, amandipatsa nthochi. Ndimafuna ndione kuti iyeyo anapita bwanji, ndiponso kuti anzake atatu aja anatsala bwanji. Basi."

Linalo mwa mabuku awiri omaliza aja linali litabwezedwa dzulo lake, ndipo linali m'dirowa pansi pa dzanja langa. Ndinatembenukira kwa Mayi Chisale, amene ankasoka buku kumbuyo ndipo anamva zonse. Sanadzutse mutu. "Amene anatiuza kuti tibise ndi amake," anatero. "Sitipereka kumbuyo kwawo, komanso sitimunamizanso mwanayu. Pita ukawaitane."

Kuchokera kumsika kukafika ku chipatala si patali. Amake Tiyamike ndinawapeza atakhala pa simenti pakati pa amayi ena, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, maso akusakasaka mwana wawo. Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza motsitsa mawu kuti Tiyamike ali ku sitolo, kuti bukulo waliona yekha, ndiponso kuti ine sindingathenso kumuuza kuti silinabwere. Amayi oyandikana nawo anatchera khutu. Amake Tiyamike anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu mulibe mwana," anatero.

Ndinavomera kuti ndilibe. Ndinakhalabe chogwada mpaka analandira mankhwala, kenako tinayenda, iwo patsogolo ine pambuyo.

Ku sitolo anapeza Tiyamike akumwa tiyi amene Mayi Chisale anamuthirira kuchokera m'fulasiki yawo. Ndinkayembekezera kulira kapena kukalipa, koma panalibe. Amake anayamba kumuuza kuti nkhani zotere si zabwino kwa munthu wodwala, kuti asisiwa amupezera lina losangalatsa. Tiyamike anaika kapu pansi.

"Amayi, mtimawu ndimagona nawo ndine. Mukuganiza kuti zimenezi sindinaziganizepo?"

Amake anatambasulira dzanja kwa ine osandiyang'ana. Ndinatsegula dirowa n'kuwapatsa bukulo. Analimanga pamsonga ya chitenje ngati mmene amamangira mchere, anagwira mwana wawo pamkono, n'kutuluka osatsanzika.

Tsiku la msika lotsatira amake sanabwere. Linzakenso sanabwere. Ndinkakhala pakhonde ndi foni yanga koma nkhani za mabuku atsopano sizinkalowa m'mutu. Njinga iliyonse yonyamula thumba la mtedza ndinkaitsatira ndi maso. Ndinkaopa kuti bukulo lamufooketsa mtsikana uja, ndipo ndinkaopanso kumva uthenga wakuti ku Mlonyeni matenda akula. Mayi Chisale ankangondipatsa mabuku othothoka ambiri kuti manja asakhale chabe.

Amake Tiyamike anatulukira tsiku la Lachitatu, losakhala la msika n'komwe. Anaika bukulo pa kauntala, lili m'pepala la shuga monga kale, n'kukhala pa benchi. Anati Tiyamike anawerenga yekha kaye, masiku awiri osalankhula ndi munthu. Kenako anawaitana pa mkeka n'kuyamba kuwawerengera kuyambira poyamba, akumasulira m'Chichewa tsamba ndi tsamba, madzulo aliwonse akaweruka kumunda. Atafika pamene Wanjinga akutsanzikana ndi anzake, analira onse awiri. Atatha kulira, mwanayo anawauza zinthu zimene ankaopa, zina zimene iwo sanaziganizepo n'komwe: sankaopa kwambiri kufa, koma ankaopa kuti amake adzagulitsa munda chifukwa cha iye n'kutsala opanda kanthu. Iwo nawo anamuuza zawo. Anati chiyambire matendawa, aka kanali koyamba kukambirana osanamizana.

Sanandipepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti atero. Anangotulutsa kathumba ka mtedza wokazinga n'kundikankhira. Kenako anafunsa ngati wolemba bukulo analembanso lina, ndipo nthawi ino sanayambe ndi mawu akuti "akuti". Ankadzifunsira okha.

Ndinagwira ntchito kwa Mayi Chisale zaka zingapo, ndipo pano ndili ndi kasitolo kanga. Tiyamike alipo. Mankhwala akumwabe, sukulu anabwerera, ndipo masiku ano ndiye amanditumizira nkhani za mabuku atsopano ine ndisanadzuke. Chimene ndinatengapo tsiku lija n'chakuti kudziwa zatsopano ndi theka chabe la ntchitoyi. Theka linalo ndi kudziwa kuti nkhaniyo mwini wake ndani. Ndikadziwa kuti buku lili ndi pamene lingamulase munthu, sindimubisira, komanso sindiyamba ndauza wina. Ndimaliika pa kauntala, dzanja langa lili pamwamba pake, n'kumuuza mwini wakeyo kuti ili ndi lolemera. Ndikatero ndimachotsa dzanja.