Mphindi Zitatu za Leonard Pask

Leonard Pask anali munthu woti mukamuponda phazi, wopepesa ndi iyeyo. Zaka makumi anayi anagwira ntchito yokonza mapiyano m'midzi ya ku Suffolk, ndipo nyumba iliyonse ankalowa ngati wolakwa: nsapato kupukuta kawiri, chipewa m'manja, "pepani ndakusokonezani" asanapatsidwe ndi moni womwe. Ena amati anapepesapo galu. Zimenezo sindinaone, koma sindingatsutse.

Pakamwa pa banja lonse panali pa mkazi wake, Hilary. Anakumana ali achinyamata pa bwalo la tenisi la m'mudzi, ndipo tsiku limenelo mtsikanayo anamugonjetsa mopanda chisoni, kenako n'kumuuza kuti, "Iwe umamenya mpira ngati ukuupempha chilolezo." Leonard anabwerera kwawo akumwetulira yekha mumsewu, chaka chisanathe n'kumukwatira. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankasewera, ndipo Loweruka lililonse Leonard ankagonja mosangalala.

Kenako matenda a mumsana anamulanda Hilary miyendo. Anatuluka m'chipatala ali pa chikuku, ndipo chitulukireni sanafunenso kuonekera pagulu. Kutchalitchi anasiya, kusitolo anasiya. Ankangokhala pazenera lakuseri kuyang'ana dimba, mawu akucheperachepera, chakudya akungochigwiragwira. Leonard ankachita mantha enieni, chifukwa ankaona mkazi wake akuzimirira tsiku ndi tsiku ali m'nyumba momwemo.

Tsiku lina mayi wa kuchipatala amene ankabwera kudzamuwongola ziwalo anatchula kuti anthu amasewera tenisi ali pa chikuku, ndipo mpira umaloledwa kugunda pansi kawiri. Hilary anaseka. Inali nthawi yoyamba kuseka m'miyezi isanu ndi itatu.

"Kawiri? Ndiye Leonard ndingamugonjetse ndili m'tulo."

Koma bwalo la m'mudzi ndi laudzu, polowera pake pali masitepe, ndipo anthu omwa mowa kutsidya kwa msewu amakuonera ngati kanema. Kumeneko Hilary anakaniratu. Choncho Leonard anaganiza zomanga bwalo lawolawo kumapeto kwa dimba, kuseri kwa mitengo ya maapozi, lapansi polimba, lozunguliridwa ndi mpanda wawaya. Hilary anavomera, koma anaika lamulo limodzi.

"Dzina langa lisalowe m'mapepala awo. Sindikufuna bwalo londipatsa chifukwa chondimvera chisoni. Ukangonditchula, ukwati watha, ndinyamuka ndi chikuku changa chomwe."

"Sindikutchula," anatero Leonard.

Mpanda wautali choncho sumangidwa popanda chilolezo cha khonsolo. Komanso kachigawo ka kumapetoko, pa mapu a khonsolo kanalembedwabe kuti ndi malo aulimi, chifukwa agogo ake a Hilary ankadyetsapo nkhosa. Leonard anadzaza mafomu, anajambulitsa mapu, ndipo pa mzere wofunsa cholinga cha bwalolo analemba mawu awiri okha: kusewera tenisi.

Khonsolo inamangirira pepala lachikasu pa pholo la magetsi kutsogolo kwa nyumba, kuti aliyense wotsutsa alembe m'masabata atatu. M'mawa uliwonse, tiyi asanamwe, Leonard ankatsegula tsamba la khonsolo pa intaneti. Makalata otsutsa amaikidwa poyera, ndi mayina omwe. Wina anati phokoso la mpira lidzamusowetsa mtendere. Wina anati mpanda udzaipitsa maonekedwe a mudzi. Koma kalata imene inamuwawa kwambiri inali ya mayi Mavis Thurlow a nyumba yoyandikana, amene chaka chilichonse ankawabweretsera botolo la jamu wa malalanje. Analemba masamba awiri athunthu: mileme imene imagona m'mitengo ya maapozi idzathawa, ndipo mudzi uno si wa anthu ofuna kudzionetsera.

Madzulo a tsiku lomwelo awiriwa anakumana pa mpanda wa maluwa.

"Leonard! Kunja kwacha bwino lero, eti? Hilary ali bwanji?"

"Ali bwino, zikomo, Mavis. Maluwa anu akongola chaka chino."

"Aa, nkhono zandithera theka!"

Basi, nkhani n'kuthera pompo. Izi ndiye zimandinyansa pa anthu akwathu kuno. Mudzi wonse unkadziwa kuti Hilary akudwala, koma kufunsa zambiri amati ndi mwano, ndipo kufotokoza usanafunsidwe amati ndi kudzimvetsa chisoni. Nanga ndani akanaganiza yekha kuti bwalo la tenisi ndi la mayi wosayenda? Onse ankangoti mdala Pask wapuma pa ntchito ndiye wayamba matama.

Mpata wofotokoza unabwera ndithu. Mayi Renshaw, wa ku ofesi yoona zomangamanga, anafika ndi majombo ndi tepi yoyezera. Atamaliza kuyeza anaima n'kuyang'anitsitsa kanjira kotsetsereka kamatabwa kamene Leonard anakhoma pakhomo lakuseri kuti chikuku chizidutsapo.

"Bambo Pask, pali china chimene makhansala akuyenera kudziwa? Nthawi zina vuto la m'banja amaliganizira."

Leonard anacheukira pazenera. Mutu wa Hilary unkaoneka kuseri kwa katani.

"Ayi, palibe. Pepani ndakupondetsani matope. Mumwa tiyi?"

Makalata otsutsa anafika khumi ndi imodzi, ndipo akachuluka choncho nkhani imapita ku msonkhano wa makhansala kuti akavote. Kumeneko mwini pempho amapatsidwa mphindi zitatu zolankhula, osapitirira ndi sekondi yomwe. Leonard anayamba kusowa mtendere. Ankadzitsekera mu shedi yosungiramo zida n'kumalankhula ndi makina otchetchera udzu, kawotchi koyezera nthawi pophika mazira kali patebulo. Analemba mapepala awiri. Lina linkanena za kutalika kwa mpanda ndi mitengo imene adzabzale kuti iubise. Linalo linkanena za Hilary, ndipo nthawi iliyonse akaliwerenga sankafika nalo kumapeto. Anaonda, mpaka lamba wa thalauza anamuboolanso kabowo kena.

Tsiku la msonkhano anaika pepala la mpanda m'thumba lakumanja, la Hilary m'thumba lakumanzere. Hilary anamukoka kuti awerame, n'kumukonza tayi.

"Ukukumbukira zimene ndinakuuza?"

"Ndikukumbukira."

"Ndipo usakayime ngati wapalamula. Imika mutuwo."

Msonkhano unayamba cha m'ma 2 koloko masana, m'chipinda chonunkha polishi. Makhansala khumi ndi mmodzi anakhala mozungulira. Patebulo la wolankhula panali kabokosi ka magetsi atatu: lobiriwira ukayamba, lachikasu kukatsala theka la mphindi, lofiira ndi belu nthawi ikatha. Mayi Thurlow analankhula m'malo mwa otsutsa onse, momveka bwino, mileme ndi zonse, n'kumaliza getsi lachikasu likungoyaka kumene. Leonard anaona mitu ya makhansala ikugwedezeka movomereza. Pomwepo anadziwa kuti pepala la mpanda silimuthandiza. Anagwira thumba lakumanzere. Ukwati uthe ngati ukutha, anatero mumtima, koma Hilary asewere.

"Bambo Pask, nthawi ndi yanu," anatero wapampando.

Getsi lobiriwira linayaka. Koma munthu ungangoyamba bwanji nkhani osathokoza? Leonard anathokoza wapampando. Anathokoza makhansala chifukwa chosiya ntchito zawo kudzamvera kankhani kakang'ono ngati aka. Anathokoza mayi Renshaw, n'kuwapepesanso za matope aja. Kenako maso ake anagwera pa mayi Thurlow, ndipo zinamuvuta kuwadumpha.

"Ndipepesenso kwa Mavis ndi anzanga onse amene nkhaniyi yawasowetsa mtendere. Za mileme zija akunena zoona, imagonadi m'mitengomo, ine ndemwe ndimaikonda mileme. Phokosonso lidzakhalapo ndithu, sindinganame. Pepani, magalasi anga... ndinawaika... eya, ndi awa."

Getsi lachikasu linayaka. Anatulutsa pepala la Hilary lija, n'kupeza kuti waligwira chadodolido. Analitembenuza.

"Mkazi wanga..."

Belu linalira.

"Zikomo, bambo Pask, nthawi yatha."

Munthu wina akanangopitiriza. Palibe akanamunyamula kumutulutsa panja, ndipo chiganizo chimodzi chokha chikanakwanira. Mayi Renshaw anali akumuyang'ana ndi maso omupempha kuti apitirize. Koma Leonard anakula akumvera mabelu. Anapinda pepala lake n'kukhala pansi.

Khansala wina wandevu anati ngakhale mwini pempho wavomereza yekha za mileme ndi phokoso, ndiye otsutsa alakwa pati? Makhansala anakweza manja. Ovomera asanu, okana asanu ndi mmodzi.

Pa masitepe otulukira, mayi Thurlow anamugwira pamkono.

"Musazitengere kumtima, Leonard, si chidani ayi. Mukam'patse moni Hilary."

"Zikomo, Mavis. Muyende bwino."

Leonard atafika kunyumba anakhala kaye m'galimoto, injini itazima, kufunafuna mawu. Atalowa anapeza Hilary ali m'khitchini, osati pazenera paja. Anali atavala malaya ake oyera amasewera, amene tsopano ankamukhwepa m'mapewa, ndipo pamiyendo anali atasanjika chomenyera mpira chake, zingwe zake zili zatsopano. Leonard sankadziwa n'komwe kuti anachitumiza kokakonzetsa.

"Nena," anatero Hilary.

"Akana."

"Ndi anthu angati?"

"Atiposa ndi dzanja limodzi lokha. Akuti tikhoza kukadandaula kwa akuluakulu, koma mwina yankho n'kubwera chaka chamawa."

Hilary anayendetsa chala pa zingwe zija.

"Unawauza za ine?"

"Ayi," anatero Leonard, ndipo kamtima kanakhala pansi pang'ono kuti pa zonse zimene zalakwika lero, chimodzi chokhachi sanalakwitse. "Sindinakutchule dzina. Palibe akudziwa."

Hilary anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa mwamuna wake.

"Tsiku lonse ndakhala pano," anatero motsitsa mawu, "ndikungoti, mwina lero, kamodzi kokha pa zaka zonsezi, sandimvera."

Anamupatsira chomenyera mpira chija.

"Kaike pamwamba pa kabati. Pamwamba penipeni, pomwe sindingafikepo."