Katoni ya Mayi Waya

Tsiku limene kalata inamatidwa pa chitseko cha chipinda chokonzeramo mafoni, Mayi Waya anakhala pansi pa simenti, manja ali kunkhongo. Kalatayo inati kampani yawo iphatikizana ndi ina yaikulu, ndipo chipindacho chitsekedwa. Anthu mazana atatu ntchito iwathera.

Mayiyu anali wamasiye wa ana anayi, sukulu analekeza panjira. Analowa ngati wokolopa. Akamaliza kukolopa ankaima kumbuyo kwa amisiri n'kumaonerera, mpaka zala zake zinaphunzira kulumikiza timawaya toonda ngati tsitsi.

Ine ndayenda, abale anga. Ndinayamba ndi kugulitsa mabatire pamsewu, lero pasipoti yanga ndi yachinayi, zinazo zinadzaza ndi zidindo. Misonkhano ya eni masheya ndakhalamo yambirimbiri, ndipo chinsinsi chake ndi ichi: eni ang'onoang'ono sabwera. Mabwana amadalira zimenezo.

Pakampanipo panali chizolowezi. Wantchito akakwanitsa zaka zisanu ankapatsidwa timasheya pang'ono, ndipo ambiri anaponya mapepalawo pansi pa sutikesi n'kuiwala. Loya wa bungwe la antchito anauza Mayi Waya kuti kuphatikizanako kuyenera kuvomerezedwa ndi eni masheya, ndipo wosabwera ku msonkhano akhoza kusainira mnzake kuti akavote m'malo mwake.

Anayamba kuyenda. Masabata asanu ndi awiri ankagogoda kwa madalaivala opuma, alonda okalamba, akazi amasiye a amisiri. Ena anamutsekera zitseko. Mlamu wake anamuseka.

"Alamu, njovu mukaigwetsa ndi legeni?"

"Ndisiyeni ndiyende, alamu. Kukhala pansi ndinakhala kale."

Anafikanso kwa ine, poti masheya anga pamenepo si ochepa, ndipo kuphatikizanako kukanandinenepetsa.

"Mayi, ine ndine wabizinesi, si m'busa," ndinatero.

"Ndamva, bambo. Koma nkhani ya mabatire mumaikamba pa msonkhano uliwonse. Akanakuthamangitsani pamsewu paja, bwenzi mukutikambira chiyani?"

Ine amene ndimatsutsana ndi mabwana a mayiko akutali, ndinatenga cholembera. Ndinasaina.

Pa tsiku la msonkhano, Mayi Waya analowa muholo atasenza katoni. Wapampando anamukodola, "Mayi, tiyi mubweretse tikamaliza."

"Si tiyi, bwana. Ndi anthu mazana asanu ndi anayi."

Anatula katoniyo patebulo. Alembi anatsegula pepala limodzilimodzi, mapepala ena osainidwa ndi chala, ndipo eni masheya ena ataona zimenezo anasintha maganizo. Mabwana ankafunika kupeza mavoti atatu mwa anayi alionse. Sanawapeze.

Lolemba lotsatira amisiri mazana atatu anakhalanso pa mipando yawo.

Iwe amene ukuwerenga, mwina nawenso akuwerengera m'gulu la anthu osabwera. Dzuka. Gogoda khomo loyamba, likakana pita lachiwiri. Mtima wakowo usautaye, m'bale wanga.