Makumba Khumi ndi Awiri pa Ulendo wa ku Limbe

Ndinanyamuka ku Chimwankhunda cha m'ma sikisi m'mawa, nditanyamula ndowa ya makumba amoyo khumi ndi awiri ochokera m'damu langa la ku Chikwawa. Mlimi wina wa ku Milange, ku Mozambiki, ankafuna kugula mbewu ya nsomba kwa ine. Koma nsomba zamoyo siziwoloka malire popanda kalata ya adokotala a ziweto yotsimikiza kuti zilibe matenda, ndiye ndinkapita nazo ku Limbe kuti akaziyeze.

Kondakitala anayang'ana ndowayo. "Madala, izi zikhala pampando? Ndiye muli awiri."

Ndinalipira K3,000, theka langa, theka la nsomba.

Pa Kudya minibasi inaima nthawi yaitali kudikira anthu. Ndinavundukula ndowa kuti nsomba zipume, ndipo ndinaona kuti imodzi ili ndi chilonda chofiira pafupi ndi mchira, chachikulu ngati chikhadabo. Dzulo lake panalibe.

Mayi wogulitsa zitumbuwa amene ndinakhala naye anasuzumira. "Mukupita nazo kuti, bambo?"

Ndinawafotokozera.

"Aa, ndiye imeneyo itayeni pawindo. Adziwa ndani kuti zinalipo zingati?"

Ndinavundikiranso ndowa. Kuchokera ku Soche mpaka ku Kanjedza windo linali chitsegukire.

Tinafika ku Limbe eyiti itangokwana. Ndinagula mbatata yootcha n'kukhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Nsomba ija ndinaitulutsa, inkaphiriphitha m'manja mwanga, ndipo ngalande inali pomwepo. Koma wa ku Milange uja anandiuzapo kuti madzi a m'madamu ake amatsikira mumtsinje momwe mudzi wonse umawedza. Ndinaibwezera m'ndowa. Wakabaza ananditula ku ofesi ya adokotala a ziweto pa K1,000, buluku langa litanyoweratu.

Adokotala ake anali mayi wosalankhulalankhula. Anaziwerenga, n'kuima pa ija.

"Iyi munaiona?"

"Ndaiona panjira."

Sanandiyamikire, sanandikalipire. Anati mwina yangokalika ndi ukonde, mwinanso ndi matenda a zilonda amene amatha kupululutsa nsomba mtsinje wonse. Aitumiza kokapima. Kufikira zotsatira zitabwera, m'damu musatuluke nsomba, ukonde ndisabwereke munthu, ndipo za kalata ndiyambe ndaiwala.

"Mpaka liti, adokotala?"

"Tikuimbirani."

Masana, ndili pa depoti kudikira minibasi yobwerera, ndinamuimbira wa ku Milange. Nditamufotokozera, anati, "Mwachita bwino, achimwene. Koma madamu anga sangakhale opanda kanthu. Ndifunafuna kwina."

Patatha masabata atatu adokotala anaimba. Analidi matenda. Damu ndinaliphwetsa n'kuthiramo laimu, ndipo chaka chimenecho sindinagulitse nsomba ndi imodzi yomwe. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti malire a dziko ali ku Muloza, pamene pali geti ndi asilikali. Koma tsiku la ulendo lija, malirewo ndinawadutsa pakhonde la sitolo ku Limbe, popanda wondifunsa kanthu.