Mahedifoni a Ababa

Ndikukumbukira kachitini ka mafuta odzola kamene ababa ankasungiramo mahedifoni awo, kunyumba za antchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Chifuwa chinali chitawasiyitsa ntchito kufakitale, ndiye ankangokhala pakhonde atafunda bulangete, chiperoni chikuwaza, fungo la tiyi wouma likubwera ndi mphepo. Anzawo onse akapita kuntchito, wocheza naye anali wailesi ya m'kafoni kawo basi. Wailesiyo sinkagwira popanda mahedifoni.

Akamaliza kumvera ankazula pogwira kamutu, osati chingwe. Kenako ankachikulunga mofewa pa zala zitatu n'kuchigoneka m'chitini ngati dzira. "Chingwe chimadukira m'kati, mwanawe, momwe maso saona," ankatero. Ine ndinkasekera kumbali, ndimvekere nkhalamba zimakonda kuvutika ndi zinthu zazing'ono.

Ndili Sitandade 6, tsiku lina ababa atagona masana ndinatenga foni ija ndi mahedifoni ake n'kupita nazo kumjigo kuti atsikana anzanga andione. Anandionadi. Tinalimbirana mahedifoni aja, wina kukokera uku wina uku. Pobwerera ndinamanga chingwe molimba pafonipo n'kuipanikiza m'chitenje, ndowa ili pamutu. Nditafika ndinabwezera mahedifoniwo m'chitini mwakachetechete.

M'mawa mwake ababa anavala mahedifoni monga mwa masiku onse, ine ndikuwasuzumira uku ndikusesa. Posakhalitsa anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati kwaya yafika pokoma. Mtima wanga unakhala pansi. Ankatero tsiku lililonse mpaka mvula itayamba, pomwe anawatengera kuchipatala ku Boma osabwerakonso.

Maliro atatha ndinatsegula kachitini kaja. Ndinalumikiza, ndinawongola chingwe, ndinasintha masiteshoni, koma m'makutu munali zii.

"Usadzivute," anatero amayi. "Mahedifoniwo anasiya kulira tsiku lomwe unapita nawo kumjigo. Abambo ako anandiletsa kukukalipira. Ankati mwanayu asadziwe, angamadziimbe mlandu."

Miyezi itatu yathunthu munthu wodwala ankagwedezera mutu nyimbo zomwe kunalibe, kuti ine ndizisesa mosangalala. Zimandiwawabe mpaka lero.

Masiku ano ana anga amavala timahedifoni topanda zingwe, amatisiya paliponse, ndipo amandiseka kuti ndine wachikale. Alekeni aseke. Anga a chingwe ndimawakulungabe mofewa pa zala zitatu, ngakhale kuti munthu amene ndikanafuna aone kuti ndinamva kulibe.