Ndinkachepetsa Lamba, Atate Akutha

Inu owerenga, ine ndinagwira mkono wa atate anga kangapo konse iwo akudwala, koma matendawo sindinawaone. Maso anga anali pa lamba wa wotchi. Ndikudziwa kuti zikumveka zopusa, ndipo amene akufuna kuseka aseke, koma ayambe wamva nkhani yonse.

Ndine mphunzitsi ku Petauke, kwathu ndi kwa Mwape, m'boma la Nyimba. Chiyambire ntchito, mtima wanga unagwa pa mawotchi. Anzanga akalandira malipiro ankalowera kumowa, ine ndinkalowera kumsika wa salaula, wa katundu wovalidwa kale, kukavundukula milu ya zikwama ndi malamba. Sikuti ndinali ndi mawotchi ambiri ayi. Ndinkalalikira kwa aliyense kuti munthu wanzeru amangofunika atatu: ya nkhope yakuda, ya nkhope yoyera, ndi ina yapulasitiki yosaopa mvula. Zotsalazo ndi malamba basi. Wachikopa wakuda wa kuukwati ndi kumaliro, wofiirira wa kusukulu, wansalu wa m'chilimwe poti chikopa chimanunkha thukuta. Ana a sukulu ankayesa kuti ndili ndi sitolo kunyumba, ine n'kumangomva kukoma. Kachitsulo kochotsera malamba ndinkayenda nako m'thumba la malaya ngati cholembera, ndipo aphunzitsi anzanga wotchi ikawavuta ankathamangira kwa ine.

Chaka china ndinawagulira atate wotchi ya lamba wachitsulo, uja wokhala ndi mfundo ngati tcheni. Atate anali chimunthu, mlimi wa thonje ndi mtedza, komanso mkulu wa mpingo. Lambayo anawakwana ndendende osachotsako kanthu. Anaikonda kwambiri wotchiyo, moti kutchalitchi mlaliki akatalikitsa ankaikweza m'mwamba kuti aione.

Pa tchuthi cha nthawi yokolola ndinapita kumudzi. Atate anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, napinda mkono wa jekete. "Iwe, nkoloko yako iyi yayamba kuvina. Nikonzeleko," anatero, poti kwathu wotchi amati nkoloko. Ndinakondwa, si ndiyo ntchito yanga? Ndinawagwira mkono, ndinayeza ndi chala, n'kuchotsa mfundo imodzi. Ndinawafotokozeranso mwaukatswiri kuti malamba achitsulo amakhwepa akavalidwa nthawi yaitali. Iwo anangogwedeza mutu.

Tchuthi chotsatira anandiitaniranso malo omwewo. Ndinachotsa mfundo zina. Pofika m'nyengo yotentha panalibenso mfundo yoti n'kuchotsa, ndiye ndinawabweretsera lamba wachikopa wofiirira. Uyunso anakula, ndinaotcha msomali pamoto n'kuboola bowo latsopano. Inu owerenga, tsiku limenelo ndinaona ndithu kuti atate akumwa madzi kapu ndi kapu, komanso akupita kuchimbudzi pafupipafupi. Ndinati ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala. Ndinawaseka kuti jekete m'chilimwe ndi ya chiyani, iwo anati mkulu wa mpingo sayenda ngati mnyamata wa pamsika, tonse tinaseka.

Ulendo womaliza unali wa Khirisimasi. Ndinabwera ndi lamba wansalu, wamizeremizere, amene ndinkamutama kuti amakwana mkono wina uliwonse. Pomanga, chala changa chachikulu ndi chamkombaphala zinakumana kuzungulira mkono wawo. Mtima unagunda pang'ono, sindinama. Koma pakamwa panatuluka funso la lamba: ndinafunsa ngati sakuthina.

"Yakwana bwino manje," atate anayankha. "Koma usauze amai ako kuti yavutanso, azakamba kuti niononga vinthu."

Ndinalonjeza kuti sindinena, ndipo ndinabwerera ku Petauke ndikudzitama kuti ndapeza lamba woyenera.

Tsoka silinunkha. Mvula ili pakati, mlongo wanga wamkulu, amene anakwatiwa m'mudzi woyandikana ndi kwathu, anandiimbira foni kuti atate agwa m'munda akupalira ndipo sakulankhula. Msewu unali utaonongeka, moti anawanyamula pangolo ya ng'ombe mpaka pamene galimoto inatha kufika. Ine ndinawapeza ali kale kuchipatala. Atawavula jekete ndi malaya, ndinalephera kuyang'ana kawiri. Nthiti zonse zinali pamtunda.

Adokotala anati ndi matenda a shuga, ndipo anali atakhalitsa mpaka kuononga impso. Anati ambiri amakhala nawo matendawa zaka ndi zaka akadziwika msanga. Kenako anafunsa kuti bambowa anayamba liti kuonda. Amayi anati sakudziwa, poti maso awo anachita ng'ala kalekale. Mlongo wanga anati ankaona nkhope ikugwa, koma ankati ndi ukalamba, nanga mwana wamkazi n'kuwavula atate ake jekete? Ine ndinayankha osaganiza n'komwe kuti zinayamba nthawi yokolola chaka chathachi.

Titatuluka panja mlongo wanga anandiimitsa pakhonde. "Iwe unaziba bwanji?" anafunsa. Ndinamufotokozera za mfundo, za msomali, za lamba wansalu. Osalira, osakalipa, anati:

"Ise tinali kuona che jekete. Iwe ndiwe unali kugwila mkono wao. Sunafunseko olo kamozi?"

Atate sanatsitsimuke. Anamwalira sabata isanathe, ndipo namwino anandipatsa wotchi ija, imene anaivula pofuna kuwaika botolo la madzi, ine n'kuiika pamodzi ndi katundu wawo.

Maliro atatha, pogawa katundu wa malemu, amalume anatenga wotchiyo n'kundiika m'manja pamaso pa abale onse. Anati palibe wina woyenera, chifukwa mwana uyu sankatopa kuwakonzera atate ake nkoloko. Anthu anaomba m'manja. Amayi anawonjezera kuti atate ankanditama kwa anansi kuti ndili ndi manja aluso. Mlongo wanga anangoyang'ana pansi. Sanandiulule kwa wina aliyense, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanandilalatira pagulu pomwepo, mwina mtima ukanapepukako.

Chimene chimandizunza n'chakuti sindidzadziwa chifukwa chimene atate ankandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Kodi ankangofuna kuti wotchi isagwe? Kapena ankandionetsa mkono uja dala, poti bambo wa kwathu sauza mwana wake kuti akudwala, n'kumadikira kuti mphunzitsi wawo, munthu wopita kusukulu, anene mawu oyamba? Funsoli ndimadzuka nalo, ndimapita nalo m'kalasi. Mu basi ya ku Nyimba ndimapezeka ndikuyang'ana mikono ya anthu achikulire ogwira mpando wakutsogolo. Mphunzitsi mnzanga akanditambasulira mkono kuti ndimukonzere lamba, ndimangoti kachitsulo kanatayika. Mawotchi anga atatu aja anaima onse m'kabati, ndipo nthawi ndimaonera pafoni ngati wina aliyense.

Inu owerenga, sindikunena kuti kukonda zinthu zokongola n'kulakwa. Gulani wotchi yanu, sankhani lamba wokuyenerani. Koma luso limene mumanyadira likhoza kukutsekani m'maso, mukamayankha funso limene mukulidziwa n'kusiya limene likukuopsani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kholo lanu likakupemphani kuti muboole bowo lina pa lamba, kaya mubweze thalauza kwa telala, kaya muchepetse diresi, musathamangire singano ndi msomali. Khalani pansi, funsani, ndipo akakuyankhani kuti ali bwino musavomere msanga. Akakuuzani kuti musauze munthu, kauzeni munthu tsiku lomwelo. Atengeni mupite nawo kuchipatala ngakhale akukalipireni njira yonse, chifukwa mkwiyo wa kholo umatha.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi, wa giredi fili, anaipeza wotchi ya agogo ake m'kabati. Anaivala, namanga lamba pabowo limene linada ndi thukuta la agogowo, nathamangira kwa ine akusekerera.

"Adadi, onani! Iyi ni saizi yanga!"

Ndinayang'ana, inalidi itamukwana ndendende. Ndinatuluka panja kuti asaone bambo ake akulira.