Fyuzi Yopsa ndi Chikwama cha aNachisale

Ntchito yanga yoyamba inabwera ndi ayironi ya mayi anga. Nditamaliza kosi ya zamagetsi ndinkangokhala pakhomo kwathu ku Nathenje, n'kumatopetsa anthu ndi nkhani za mawaya. Ayironiyo itafa ndinaimasula, n'kupeza kuti elementi yapsa, ndiye ndinapita kukafuna ina kwa Che Amidu, bambo wachikulire wokonza mafiriji ndi makuka ophikira m'kashopu ka kuseri kwa chigayo. Anandifunsa kuti wandituma ndani. Ndinati palibe, ndayeza ndekha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenaka n'kundikankhira ketulo yakufa ndi sikuludiraiva. Madzi atawira m'ketulomo anangoti, "Mawa ubwere ndi ovolosi."

Abale inu, ndinathamanga! Mayi anatuluka m'nyumba ndi mtengo poganiza kuti ndikuthamangitsidwa ndi galu.

Che Amidu sanali munthu wolankhulalankhula. Ankaphunzitsa ndi chala, kuloza basi. Zula pulagi usanakhudze chilichonse. Masikulu uike m'chivundikiro cha botolo, osati m'thumba. Mawaya uwajambule ndi foni usanawazule. Pakona ya shopu panali makina oumitsira zovala akufa, omwe tinkachotsako zida, ndipo ine ndinawakonda ngati mwana wanga. Nthawi ya nkhomaliro ndinkawamasula n'kuwamanganso, mpaka ndinaloweza njira ya mpweya: elementi imautenthetsa, fani imaukoka kudutsa m'diramu muli zovala, umasefedwa pa sefa ya pachitseko, kenaka umatulukira kunja pa paipi.

Tsiku lina Lachisanu, m'kati mwa dzinja, foni inalira Che Amidu atavala kale mkanjo wopitira kumzikiti. Anali mayi Mbewe a ku Mitundu, ogulitsa mbewu ndi feteleza. Mwana wawo anawatumizira makina oterewa kuchokera ku Joni, tsopano akuzungulira koma sakutentha, pamene m'nyumba muli zidzukulu zamapasa ndipo matewera sakuuma. Che Amidu anadula foni, n'kundipatsa chikwama cha zida. "Pita iwe, Tadala. Umawadziwa kuposa ine."

Ndekha! Ndinazula fyuzi yabwino pa makina a pakona aja, ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo ulendo wonse ndinkangomwetulira ngakhale matope ankandithovukira mpaka kumakutu.

Chimwemwecho chinathera pakhonde. Panali chikwama chachikulu chamizeremizere, chomanga kale ndi chitenje, ndipo pambali pake panakhala mayi wina wowonda, maso ali psu. Anali aNachisale, wantchito wa panyumbapo.

"Atumiza mtsikana?" anatero mayi Mbewe atandiona. "Chabwino, lowani. Awa ndi amene andiphera makina. Ndimanena tsiku ndi tsiku kuti osadzadzitsa, koma samva. Mukangotsimikiza kuti apsa, akwere minibasi lero lomwe."

Pakhonde pomwepo bambo Mbewe anali pampando, nkhope ataikwirira mu foni. Mawu akuti mtsikana aja anandiwawa, koma ndinawameza, chifukwa ndinaona kuti sikuludiraiva yanga yanyamula ntchito ya munthu.

Ndinayamba ndi soketi: magetsi analipo okwanira. Ndinayatsa makinawo, diramu inazungulira bwinobwino, kusonyeza kuti mota ndi lamba zilibe mlandu. Ndinazula pulagi, ndinamasula chitsulo cha kumbuyo, ndinajambula mawaya. Mita yanga imalira ngati moto ukutha kudutsa m'chida chimene ndikuyeza. Pa elementi inalira. Pa themositati, kachida kowongolera kutentha, inalira. Pa kafyuzi koyera kamene kamadula moto makina akatentha mopitirira, zii. Ndaipeza! Ndinaika fyuzi yanga ija, ndinayatsa, ndipo posakhalitsa galasi la chitseko linayamba kufunda. Ndinatsala pang'ono kuvina.

"Chinali chiyani?" anafunsa mayi Mbewe ali pakhomo.

"Fyuzi, mayi. Imapsa makina akatentha kwambiri."

"Ndimanena ine! Kudzadzitsa!" Anatembenuka kulunjika kukhonde.

Zimene ndinanenazo zinali zoona, koma zinali theka chabe, ndipo thekalo linali kukachotsa munthu ntchito. Komanso panali fungo lina likutuluka m'diramu, losakhala la nsalu kapena la waya wopsa. Linali fungo la mafuta, la chinthu chodyedwa. Ndinati, "Mayi, dikirani kaye, sindinamalize."

Ndinathamangira kuseri kwa nyumba, mvula ikundimenya, n'kuika dzanja pakamwa pa paipi. Mpweya umene umayenera kukankha chikhatho unkangonong'ona. Ndinabwerera, ndinazula pulagi, ndinasolola sefa. Inali yoyera mbee, yotsukidwa ndi sopo. Nanga chatseka n'chiyani? Ndinagoneka makinawo, ndinamasula chivundikiro cha fani, ndinapisamo dzanja. Ndinatulutsa chinthu chofewa, chonyezimira, chomata ndi mafuta. Ndinachiyandikiza pawindo.

Mapiko! Mapiko a ngumbi!

Ndinakuwa ndekha m'chipindamo. Fani yonse inali yomatidwa, paipi yodzaza kuchokera kumakina mpaka kukhoma. Ndinaizula, ndinaikolokosa ndi waya womanga kansanza kunsonga, ndipo mapiko ankangokhuthuka osatha, pamodzi ndi timitu ndi timiyendo. Ndinadzaza beseni, ndinalinyamula ndi manja awiri mpaka pakhonde, n'kuliika pakati pa onse atatu.

"Makina anu sanadwale ndi matewera, mayi. Atsamwa ndi izi. Mpweya unasowa potulukira, ndiye fyuzi inadzipha kuti nyumba isapse."

Mayi Mbewe anayang'ana beseni, anayang'ana aNachisale. "Inu mumaumitsa ngumbi m'makina anga?"

ANachisale anangoweramitsa mutu. Bambo Mbewe anatsokomola. Ndipo ndinaona nkhope ya mayi Mbewe ikusintha pang'onopang'ono.

"Dikirani," anatero. "Lamulungu ine ndinali ku Nkhoma, awa anali kwawo kumaliro. Nditabwera ndinapeza mbale ya ngumbi zouma gwa, zopanda phiko ndi limodzi lomwe, chonsecho dzuwa silinawale sabata yonse. Ndinachita kukuyamikirani, bambo a Yohane!"

Bambo aja anaika foni pansi. Anafotokoza motsitsa mawu kuti anagula chidebe cha ngumbi zokazinga kumene, zosauma, ndipo anaopa kuti ziwola. Anazithira m'pilokesi, anamanga, anaponya m'diramu. Pilokesi inamasuka. Sefa itadzaza anaichotsa kuti ntchito ipitirire, pomaliza anasesa m'diramu n'kutsuka sefayo.

"Koma zinauma bwino, mayi a Yohane," anamaliza motero. "Inunso munawonjezera."

Ndinalephera kudzigwira, ndinaphulika. Koma mayi Mbewe sanaseke. Anafunsa aNachisale ngati ankadziwa. Iwo anati anapeza timapiko pansi m'mawa mwake, anasesa. "Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena bwanji za bambo, mayi?"

Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Munthu analolera kumanga katundu, kusiya ntchito imene imaphunzitsa ana ake, kuopa kuchititsa manyazi bwana wake pamaso pa mkazi wake. Ndinamva chisoni, ndinapsanso mtima, ndipo bambo Mbewe ndinawayang'ana ndi diso limene makolo anga sanandiphunzitse. Mayi Mbewe anawerama, ananyamula chikwama chija okha, n'kuchilowetsa m'nyumba. Ali m'kati anaitana, "ANachisale, bwerani mundithandize kumasula. Bambo a Yohane, beseni ilo mukataye nokha."

Ndinatsuka fani ndi madzi otentha a sopo, ndinaipukuta, ndinamanga zonse, ndinayatsa. Kuseri kwa nyumba mpweya wotentha unandikankha dzanja mwamphamvu. Matewera oyamba anatuluka ofunda, akununkhirabe ngumbi pang'ono, ndipo aNachisale anawakumbatira pachifuwa akuseka ndi misozi.

Nditabwerera ku Nathenje ndinafotokoza zonse ndili chiimire, mawu akupondana. Che Amidu anaseka mpaka chipewa chinagwa, kenaka anafunsa funso limodzi: "Ukanangosintha fyuzi n'kubwerako?"

Ndikanabwerako ndikunyada, makina akutentha. Akanapsanso mawa lake, mwina ndi nyumba yomwe, aNachisale ali kale kumudzi ndi mbiri yoti amawononga katundu wa mabwana. Lero ndili ndi shopu yanga, ndipo fyuzi ndasintha zosawerengeka, koma sinditseka chitsulo cha kumbuyo ndisanapeze chimene chaipsereza. Ndinaphunzira pakhonde lija kuti chinthu chikafa m'nyumba, mlandu umagwera munthu amene sangayankhe, ndipo nthawi zina womuyankhira amangokhala wokonza makina.